Kukweza bili ya madzi kuti tizimitsire moto? Tiyeni tiwerengetse kaye

Msika ukapsa m'dziko muno, nkhani yake timaidziwa isanalembedwe n'komwe. Moto wayamba usiku, alonda akuwa, anthu athamanga ndi ndowa, ozimitsa moto aimbiridwa foni, afika denga litagwa kale, ndipo madzi omwe anabwera nawo atha moto usanathe. Kukacha zithunzi zili mbwee pa Facebook, m'ma comment muli mkwiyo wokhawokha, kenako pamatulukira munthu wina n'kulemba kuti: bwanji a Water Board angoika ma hydrant m'misika monse, ndalama yake aziwonjezera pang'ono pa bili ya madzi? Ma like n'kumagwa ngati matalala.

Ganizoli si lopusa ayi. Kumaiko ena amachitadi zimenezo. Koma ife a kuno ku Nkhoma, ku Mitundu ndi pa Nathenje tisanaombe m'manja, tiyenera kudziwa chomwe tingakhale tikugula ndi ndalama imeneyo, yemwe angailipire, komanso ngati motowo ungazimedi. Ine ndaunguza mbali zonse ndipo ndikuti ayi, bili ya madzi si malo ake. Zifukwa zake ndi izi.

Hydrant ndi chiyani kwenikweni?

Ambiri timangoiona m'mafilimu, kachitsulo kofiira kali m'mbali mwa msewu. Kwenikweni hydrant ndi pakamwa chabe. Ndi malo omwe ozimitsa moto amalumikizapo paipi yawo n'kukoka madzi ambiri nthawi imodzi kuchokera m'paipi yaikulu ya pansi pa nthaka. Ina imaima poonekera, ina imakhala pansi yovundikiridwa ndi chitsulo. Payokha ilibe mphamvu iliyonse. Mphamvu yake ili m'zinthu zitatu zomwe sitiziona: kukula kwa paipi yomwe yalumikizidwako, madzi osungidwa m'thanki, ndi mphamvu yomwe madziwo akutulukira.

Tiyambe ndi paipi. Mapaipi omwe amafikitsa madzi m'makomo mwathu ndi ang'onoang'ono, chifukwa anawayala poganizira munthu wotunga ndowa, wochapa, wosamba. Hydrant yogwira ntchito imafuna paipi ya mamilimita 100 kapena kuposerapo, ndipo ku America amayambira pa 150. Kusiyana kwa 50 ndi 100 kumaoneka ngati kuwirikiza kawiri, koma omwe simunathawe masamu a Fomu 2 mukukumbuka kuti bowo la paipi likakula kawiri m'mimba mwake, malo odutsa madzi amakula kanayi. Ndiye kuika hydrant pa kapaipi kakang'ono kuli ngati kumanga khomo la tchalitchi pa khola la nkhunda. Kuti igwire ntchito, pafunika kukumba, kuzula mapaipi akale n'kuyala atsopano mtunda wonse kuchokera ku thanki. Ndalama zambiri zimathera pamenepo, osati pa kachitsulo kofiira kaja.

Chachiwiri ndi thanki. Moto sudikira kuti magetsi a ESCOM ayake kuti pampu iyambe kukoka madzi. Pamafunika madzi ongokhala, osakhudzidwa, odikira tsiku la ngozi. M'dera lomwe mipope imauma masana n'kumadontha pakati pa usiku, kusunga madzi otere n'kovuta, chifukwa tsiku lililonse pali anthu omwe akuwafuna lero lomwe. Chachitatu ndi mphamvu: mamita 10 aliwonse omwe thanki yakwera pamwamba pa mpope amapereka mphamvu yomwe akatswiri amaitcha bar imodzi. Apa a ku Nkhoma phiri lija limatikondera, thanki ikakhala kumtunda madzi amatsika okha ndi ukali. Malo a chidikha ngati kumsika wa Mitundu amadalira thanki yokwezedwa pa zitsulo, kapena pampu.

Tsono nayi mfundo yomwe imaiwalika m'ma comment muja. Hydrant sizimitsa moto. Imadikira galimoto yozimitsa moto, yokhala ndi pampu yake, mapaipi ake ndi anthu ophunzitsidwa. Galimotoyo imabwera ndi madzi ake ochepa, tiyerekeze malita 4,000, omwe ndi zigubu 200 za malita 20. Zikumveka zambiri eti? Paipi imodzi yozimitsira ikamalavula malita 500 pa mphindi, madzi onsewo atha m'mphindi 8. N'chifukwa chake timamva kuti "anabwera opanda madzi". Nthawi zambiri madzi amakhala anabwera nawo, kungoti anatha, ndipo pafupi panalibe pothiranso. Ntchito ya hydrant ndi imeneyo: kudzaza galimoto yomwe yafika kale.

Nanga galimotoyo ichokera kuti?

Apa ndiye pali nkhani. Ntchito yozimitsa moto m'Malawi muno ili m'manja mwa makhonsolo, malinga ndi lamulo la maboma ang'ono la 1998. Koma omwe ali ndi nthambi zenizeni za ozimitsa moto ndi makhonsolo a mizinda: Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi Zomba. Mabwalo a ndege ngati la Kamuzu ali ndi magalimoto awoawo, koma ntchito yawo yoyamba ndi ndege. Ife sitili pansi pa khonsolo ya mzinda. Nkhoma, Mitundu ndi Nathenje zili pansi pa khonsolo ya boma la Lilongwe, ya kwa DC. Moto ukabuka kuno, timakhala tikupempha chithandizo kwa aneba a mu town.

Tiwerengetse mtunda. Kuchoka mu town kukafika ku Nkhoma ndi makilomita pafupifupi 50: kutsika ndi M1, kudutsa pa Nathenje, kukhota pa Kamphata, kenako kukwera kulowera kuphiri. Chigalimoto cholemera ndi madzi, ngakhale chitanyamuka mphindi yomweyo foni yalira, mafuta alimo, dalaivala alipo, chidzatenga pafupifupi ola. Ku Mitundu, kudzera njira ya ku Bunda, nakonso si pafupi. A pa Nathenje ndi omwe ali ndi mwayi pang'ono chifukwa ali pa msewu waukulu. Pomwe benchi ya matabwa yofoleredwa ndi pulasitiki, yodzaza ndi mabelo a kaunjika, imatha m'mphindi zowerengeka. Nyumba ya udzu ndiye osanena. Chigafa cha fodya wouma chikagwira moto, ola limodzi ndi nthawi yoti eni ake alire, atonthole, n'kuyamba kusesa phulusa.

Ndiye tangoganizani: mwezi ndi mwezi mukulipira kenakake pa bili yanu kuti pamsika pakhale hydrant, koma chida chomwe chingaigwiritse ntchito chili makilomita 50 kutali. Mwagula chishalo, njinga mulibe.

Ngakhale m'mizinda momwe magalimoto alimo, mbiri yake si yokoma. Mu Disembala 2015 laibulale ya Mzuzu University inapsa yonse, mabuku pafupifupi 45,000 n'kusanduka phulusa, mkati mwa mzinda womwe uli ndi khonsolo yake. Mu Julaye 2014 nyumba yosungiramo katundu ya MEC inapsa mu Lilongwe momwemu, mapepala ovotera ali momwemo. Mu 2018 mbali ina ya chipatala cha boma ku Mangochi inapsa. Moto uliwonse unali ndi nkhani yakeyake, koma pamodzi zikutiuza kuti chitetezo cha moto ndi unyolo wautali, ndipo madzi a m'paipi ndi mfundo imodzi yokha pa unyolowo.

Bili ija yakwera kale, kangapo

Tsopano tibwere ku thumba. Lamulo la 1995 ndi lomwe linakhazikitsa ma Water Board asanu momwe tikuwadziwira lero: wa Lilongwe, wa Blantyre, ndi atatu a zigawo, kumpoto, pakati ndi kummwera. Wa Lilongwe amaona za mzinda ndi madera ouzungulira, madzi ake ambiri akuchokera m'madamu awiri a Kamuzu ku Malingunde. Matauni ang'onoang'ono a chigawo chapakati ali m'manja mwa Central Region Water Board. M'midzi ndiye mijigo, zitsime, ndi mipope yoyendetsedwa ndi makomiti a anthu eni ake.

Ma board amenewa sadzikwezera okha mitengo. Amapempha, ndipo unduna woona za madzi ndi womwe umavomereza. Kumapeto kwa 2021 mitengo inakwera ndi pafupifupi theka. Mu 2023 inakweranso ndi pafupifupi theka lina. Masamu ake musawaone mopepuka: 50 peresenti kawiri si 100 peresenti ayi. Yemwe ankalipira K10,000 anafika pa K15,000, kenako pa K22,500, madzi ake omwewo, banja lake lomwelo. Pakati pakepo boma linachotsa msonkho wa VAT wa 16.5 peresenti pa madzi a m'mipope mu bajeti ya 2022, anthu n'kupumako pang'ono, koma mpumulowo unamezedwa msanga. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Sopo, shuga, feteleza, thiransipoti ya kabaza, zonse zinathawa. Madzi anafika m'khosi, koma osati a mumpope.

Wina anena kuti, aaa, tikunena kandalama kochepa, mwina mtengo wa bandulo ya tsiku limodzi. Chabwino. Koma tikudziwa tonse mmene zimakhalira kuno kwathu: kandalama kakalowa pa bili sikatulukanso. Taonani mafuta a galimoto, mmene mtengo wake wadzazira ndi timisonkho, wina wa misewu, wina wa magetsi a kumudzi, ndipo misewu yake ndi yomwe tikuyendamoyi. Ndalama yolowa m'thumba limodzi ndi ndalama zina zonse imavuta kuilondola. Board ikapanikizika, ngongole ya magetsi ikuluma, mankhwala otsukira madzi atha, malipiro a antchito akudikira, mukuganiza kuti ndalama ya hydrant ya pamsika idzasiyidwa ili phee?

Wolipira ndi wina, wopindula ndi wina

Kwa ine mfundo yaikulu ndi iyi. Bili ya madzi imayeza madzi omwe wagwiritsa ntchito. Siyeza katundu yemwe uli naye woti angapse. Mayi wa ana asanu wokhala m'nyumba ya lendi ya zipinda ziwiri amagwiritsa ntchito madzi ambiri kuposa mwini sitolo ya hardware yodzaza ndi penti, matayala ndi simenti, yemwe mpope wake ndi wosambira m'manja basi. Mukaika ndalama ya moto pa lita iliyonse, mayi uja alipira zambiri, pomwe chuma chomwe chikutetezedwa ndi cha bwana wa hardware. Mukaiika yofanana pa mita iliyonse, onse alipira chimodzimodzi, koma kwa mayiyo ndi ndiwo za masiku awiri, kwa bwanayo ndi chenji cha m'thumba.

Ndiyeno pali omwe alibe mita n'komwe, otunga pa kiyosiki kapena kugula kwa neba. Amenewa amagula madzi pa ndowa, ndipo mtengo ukakwera kumtunda, wogulitsa sawonjezera tambala yeniyeni, amangoponya ku ndalama yozungulira yotsatira. Wosauka kwambiri ndi amene amamva kuwawa kwambiri, chonsecho nyumba yake ili kuseri uko komwe ngakhale galimoto yozimitsa moto singalowe chifukwa tinjira take ndi ta njinga.

Ndipo munthu madzi akamukulira mtengo sasiya kumwa. Amabwerera ku chitsime chosatetezedwa, ku dambo, kumtsinje. Sitinaiwale kolera yomwe inayamba mu Malichi 2022 n'kupha anthu oposa 1,700, mliri woipitsitsa wa kolera m'mbiri ya dziko lino. Lilongwe inali m'gulu la maboma okhudzidwa kwambiri, mpaka sukulu za mumzinda zinachedwa kutsegulidwa mu Januwale 2023. Moto wa pamsika umaoneka, umajambulika, umayenda pa WhatsApp. Mwana wotsegula m'mimba chifukwa amayi ake anasiya kugula madzi a pa kiyosiki sajambulidwa ndi aliyense. Koma ngati tikukamba zopulumutsa miyoyo, awiriwa tiwaike pa sikelo imodzi.

Palinso mbali ina yoseketsa. Malo omwe moto ungaphe anthu ambiri nthawi imodzi kuno ndi mawodi a chipatala ndi mahositelo a sukulu. Ku Nkhoma kuli chipatala cha mishoni chomwe chakhalapo kuyambira 1915, kuli yunivesite, kuli sekondale ya William Murray. Ku Mitundu kuli chipatala ndi sekondale, ndipo chapafupi pali Bunda ndi ophunzira ake miyandamiyanda. Malo akuluakulu otere nthawi zambiri amakhala ndi zitsime ndi matanki awoawo, ndipo chitetezo chawo chimadalira zomwe zili mkati mwa mpanda, osati paipi ya kumsika. Ku Kenya, anyamata 67 anafa mu hositelo ya sekondale ya Kyanguli mu 2001, ndipo ena 21 anafa ku Hillside Endarasha mu Seputembala 2024. Pa ngozi za mtundu umenewu, funso loyamba silikhala la hydrant. Limakhala loti: zitseko zinali zingati, zinatseguka, mawindo anali ndi zitsulo, ana anali angati m'chipinda chimodzi? Bili ya madzi singayankhe limodzi mwa mafunso amenewa.

Kunja amatani?

Omwe amakonda ganizoli amatchula America, ndipo sakunama. M'chigawo cha Wisconsin, mwachitsanzo, matauni ambiri ali ndi mzere wapadera pa bili ya madzi wolipirira chitetezo cha moto, ndalama yomwe kale inkachokera ku msonkho wa nyumba. Ku California nkhaniyi inafika mpaka kumakhoti, anthu akuti bili ya madzi izilipira madzi okha, mpaka mu 2020 anachita kukhazikitsa lamulo lonena poyera kuti ma hydrant akhoza kulowa mu mtengo wa madzi. Koma taonani kusiyana kwake. Kumeneko pafupifupi nyumba iliyonse ili ndi mita, madzi amatuluka usana ndi usiku, siteshoni ya ozimitsa moto ili pafupi, ndipo pali mabungwe oima paokha kapena malamulo okhwima omwe amaunika ndalama iliyonse isanalowe pa bili. Ngakhale zili choncho, mu Januwale 2025 moto utabuka ku Pacific Palisades mu Los Angeles, ma hydrant ena anauma, ndipo dziwe lalikulu losungira madzi la m'deralo linali lopanda kanthu chifukwa ankalikonza. Ku Los Angeles, abale, osati pa Kamphata.

Ku England anasankha njira ina. Lamulo lawo la 1991 limaletsa kampani ya madzi kulipiritsa madzi omwe atengedwa pozimitsa moto, ndipo ma hydrant omwe ozimitsa moto apempha amalipiridwa ndi nthambi ya ozimitsa motoyo. Ku New Zealand ndalama zambiri za ozimitsa moto zimachokera pa inshuwalansi ya katundu: yemwe ali ndi katundu woti angapse ndi amene amasonkha. Ndipo mbiri imati ku London, moto waukulu wa 1666 utapita, magulu oyamba okhazikika a ozimitsa moto anayambitsidwa ndi makampani a inshuwalansi, chifukwa iwo ndi amene ankaluza nyumba zikapsa. Nzeru yake ndi yomweyo: tsata katundu, osati ludzu.

Chitsanzo chomwe chimandikhudza kwambiri chili pafupi, kungodutsa Mchinji. Ku Zambia kuli bungwe la NWASCO, lomwe ntchito yake ndi kuunika makampani a madzi, kuvomereza mitengo, ndi kutulutsa lipoti chaka ndi chaka loonetsa kampani yomwe ikuchita bwino ndi yomwe ikugona. Kwathu kuno magetsi ndi mafuta zili ndi MERA, mafoni ali ndi MACRA, koma mtengo wa madzi wakhala ukuyenda pakati pa ma board, omwe ndi a boma, ndi unduna, womwenso ndi boma. National Water Resources Authority ilipo, koma iyo imaona za mitsinje, zitsime ndi zilolezo zotunga madzi, osati bili yanu. Wosewera ndi woimba wezulo akachokera nyumba imodzi, ine sindingavomere kuti awonjezere chigoli china pa bili yanga.

Tiwamverekonso a Water Board

Kunena chilungamo, iwonso ali ndi mfundo. Madzi a mumpope si a mvula. Amakokedwa ndi magetsi, amatsukidwa ndi mankhwala ogula kunja ndi ndalama zakunja zomwe zikusowazi, mapampu ndi mamita nazonso n'zakunja. Kwacha ikagwa, zonsezi zimakwera tsiku lomwelo, pomwe mtengo wa madzi umadikira chilolezo miyezi. Board yogulitsa madzi motchipa kuposa mmene yawapangira imayamba kulephera kukonza mapaipi, ndipo ovutika timakhala ife tomwe. Komanso mapaipi akuluakulu ndi matanki atsopano sathandiza moto wokha, amathandiza kuti madzi azifika kwa omwe ali kumapeto kwa mzere. Walira mvula walira matope: tikafuna madzi odalirika, tidzalipira ndithu.

Koma pali mabowo awiri omwe ayenera kutsekedwa munthu asanabwere kwa ife ndi chipewa chopemphera. Loyamba ndi madzi otayika. M'mizinda yathu ikuluikulu, madzi oposa gawo limodzi mwa magawo atatu omwe atsukidwa n'kuponyedwa m'mapaipi sabweretsa ndalama: ena amatayika m'mapaipi ophulika, ena amabedwa, ena mita siwawerenga. Pa zigubu zitatu zilizonse, chimodzi chimasowa. Madzi omwe angazimitse moto m'misika yonse ya boma la Lilongwe kwa chaka ndi kadontho poyerekeza ndi omwe amathera m'ngalande. Bowo lachiwiri ndi ngongole. Maunduna ndi nthambi za boma zakhala zikusunga ngongole za mabiliyoni ku ma Water Board, mpaka ma board anayamba kuwaikira mamita olipiriratu. Iwe ndi ine tikachedwa mwezi umodzi kapena iwiri, anyamata a sipanala afika. Ndiye boma lomwelo, lomwe silinamalize kulipira madzi omwe linamwa, livomereze kuti ife tiwonjezere ya moto? Ayi, ayambe abweza kaye.

Nanga ndalama ya moto ichoke kuti?

Kukana kokha sikuzimitsa moto, ndiye tinene. Poyamba, msika uli ndi mwini wake. Tsiku lililonse wogulitsa tomato, wokazinga chips, wa kaunjika amadula tikiti ya khonsolo. Masitolo, mabala ndi zigayo amalipira ziphaso chaka ndi chaka. Pa tsiku la msika ku Mitundu, tangoimani pambali muwerenge mabenchi ndi milu ya katundu, muchulukitse ndi mtengo wa tikiti. Ndalama imeneyo imatoleredwa m'dzina la ntchito za pamsika, ndipo chitetezo cha moto ndi imodzi mwa ntchitozo. Wolandira msonkho wa pamsika ndi amene ayenera kuteteza msika.

Kachiwiri pali CDF, yomwe mu 2024 inafika K200 miliyoni pa dera lililonse la phungu, komanso ndalama za chitukuko zomwe zimapita ku khonsolo. Thanki yaikulu yoima pamsika, yodzazidwa ndi mjigo wa sola, yokhala ndi pampu ya injini yonyamulika ndi mapaipi ake, si chinthu chosatheka pa ndalama zimenezi. Ubwino wake sidikira galimoto ya mu town: anyamata khumi ophunzitsidwa bwino, mavenda eni ake, akhoza kuyamba kulimbana ndi moto m'mphindi zisanu zoyamba, zomwe ndi mphindi zokhazo zofunika. Masiku wamba thanki yomweyo ikhoza kuthandiza zimbudzi za pamsika, bola pakhale mzere womwe madzi asatsike kupyola. Ndipo ngati makhonsolo awiriwa, wa mzinda ndi wa boma, atagwirizana zoika galimoto imodzi pa Nathenje, ikhoza kuthamangira ku Nkhoma, kuthandiza midzi ya m'mbali mwa M1, komanso kufika msanga pa ngozi za pamsewu zomwe sizisowa pamsewu umenewu.

Kachitatu, moto wambiri wa m'misika yathu suyamba modabwitsa. Mawaya a magetsi olumikiza mwachinyengo, opotana ngati zingwe za maungu pamwamba pa mabenchi. Mbaula yosiyidwa ndi makala amoto pansi pa tebulo. Kandulo nthawi ya blackout. Ndipo chiyambireni mavuto a mafuta, petulo wa m'zigubu wosungidwa kuseri kwa mashopu ndi m'nyumba zogona anthu. Apa mvetsetsani bwino: moto wa petulo suzimitsidwa ndi madzi. Petulo amayandama pamwamba pa madzi, ndiye ukathira ndowa umangouthandiza kuyenda. Chimodzimodzi mafuta a chips akagwira moto pa chiwaya, ukathira madzi amaphulika n'kukuwaza kumaso. Vundikira ndi chitsulo kapena thira mchenga. Moto wa magetsi, thimitsa kaye magetsiwo usanayandikire ndi madzi. Ndowa za mchenga, zozimitsira moto zofiira zija zingapo zoyezedwa chaka ndi chaka, ndi mipata pakati pa mizere ya mabenchi kuti moto usalumphe, zonsezi mtengo wake sungafike ngakhale pa kilomita imodzi ya paipi yatsopano.

Kumidzi nkhani ndi ina. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa, moto wolusa woyatsidwa ndi osaka mbewa kapena otentha mapesi ndi womwe umadya nkhokwe, zigafa ndi nyumba za udzu. Kumeneko kulibe paipi ya board, kulibe bili, ndipo sikudzakhala hydrant m'zaka zathu zino. Chomwe chimagwira ntchito ndi kulambula mozungulira nyumba ndi nkhokwe, ndi malamulo a mfumu okhala ndi chindapusa chenicheni. Anthu ambiri a dera lino amakhala kumeneko, ndiye dongosolo lililonse la moto lodalira bili ya madzi lawasiya kale panja lisanayambe.

Chomwe achinyamata tingachite ndi mafoni athuwa, kupatula kulemba "RIP msika" pansi pa chithunzi, ndi kufunsa mafunso olembedwa. Lamulo lopereka mwayi wopeza nkhani ku maofesi a boma linayamba kugwira ntchito mu Seputembala 2020, ndipo limakhudza makhonsolo ndi ma Water Board omwe. Kalata yake siyofuna loya. Kwa khonsolo: chaka chathachi munatolera ndalama zingati pa msika wa Mitundu, wa Nathenje ndi wa Nkhoma, ndipo ndi zingati zomwe zinabwerera kudzagwira ntchito pamisikapo? Moto ukabuka usiku, pali mgwirizano wanji ndi khonsolo ya mzinda, ndipo mafuta a galimotoyo amalipira ndani? Kwa board: m'dera lino muli ma hydrant angati, ali pati, ndipo anayesedwa liti komaliza? Mafunso omwewa mukhoza kukawafunsa pamaso pa khansala wanu pa msonkhano wa ADC, iye ndi amene amakhala m'khonsolo momwe bajeti imadutsa. Mukalandira yankho, lijambuleni mutitumizire, tidzaliika pano momwe lilili.